Pikapu ya Che Makawa

Boneti itatseguka, Jamilu anasuzumira m'kati. Injini inalimo, yotsukidwa bwino, koma inali yokhayokha ngati nyumba imene eni ake asamuka. Pamalo pa batire panali kathabwa. Ledieta munalibe, sitata munalibe. Mawaya anali lende, nsonga iliyonse itakulungidwa mosamala ndi tepi yakuda.

"Waona?" anatero Che Hussaini, mng'ono wa malemu bambo ake, ataima kumbuyo kwake. "Ndikanakuuza ndekha ukanati ndi nkhwidzi. Waona ndi maso ako."

Jamilu anali atangofika m'mawa womwewo kuchokera ku Joni. Bambo ake, Che Makawa, anagwa panjira pochokera ku mzikiti, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu. Mwanayo anapeza dothi la pamanda litauma kale, azimayi ali kukhitchini akusankha mpunga wa sadaka.

Pikapuyo inali Datsun yakalekale imene Che Makawa anagula ku esiteti ya tiyi popuma ntchito ya umakaniko. Inabwera yokokedwa ndi thirakitala mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo ku Thuchila, ndipo sinachokeponso. Sankafuna kuti idzachite matola. Ankangoikonda. Swala, pemphero la m'mawa, ikatha ankavala ovolosi, kuyala chiguduli, n'kulowa kunsi kwake. Anaipala dzimbiri ndi manja, n'kuipaka penti yobiriwira ngati tiyi wongophuka. Amene ankatumiza zipangizo pa basi anali Jamilu, chaka ndi chaka, zina zabwino kuposa zimene galimotoyo inabadwa nazo. Pafoni bambowo ankangoti, "Zafika, Mulungu akudalitse. Ukadzabwera tidzaikwera mpaka ku Likhubula, ukaone phiri la Chambe chapafupi."

"Kuli munthu ku Limbe amagula magalimoto akale ngati awa," anapitiriza Che Hussaini. "Ndinamuuza kuti ndi yathunthu. Tsopano ndikamuuze chiyani? M'bale wanga anali mkamwini pano. Munda ndi wa akazi ake, nyumba ili pa dothi la akazi ake, ife sitikukana. Chake chinali ichi. Ndiye munthu wangotseka maso, anthu ayamba kale kuzula."

"Mukunena ndani, baba?"

"M'nyumba umu mumagona ndani?"

Jamilu anatsitsa boneti pang'onopang'ono kuti isalire, n'kulowa m'nyumba.

Mayi ake, a Abida, anali m'masiku a eda, pamene mkazi wamasiye satuluka pakhomo ndipo saonekera kwa amuna achilendo. Anawapeza pamkeka m'chipinda, atafunda nsalu yoyera, mikanda yopempherera ya tasibihi ili m'manja.

"Amayi, zipangizo za galimoto zili kuti?"

"Wadya?"

"Amayi."

"Sindinagulitse kanthu, mwanawe."

"Ndiye zili kuti? Mungonena, nkhani ithe."

Mayiwo anakoka fulasiki n'kuthira tiyi m'kapu. Anaitembenuza kuti chogwirira chiloze kwa iye.

"Pali zinthu zimene bambo ako anaika pakati pa iwo ndi Mulungu wawo. Ine sindingalowepo."

"Panja akukutchulani wakuba."

"Ndamva. Khoma ili ndi lopyapyala."

Jamilu anamwa tiyiyo akuyang'ana pansi. Anaona zidendene za mayi ake zong'aluka, anaona denga limene linkadontha pakona, ndipo maganizo amene sankawafuna anamulowa: mwina panali njala imene sanamuuze. Anachita manyazi, koma maganizowo sanachoke.

Tsiku la sadaka anthu anadzaza bwalo. Shehe atatha pemphero la duwa, mbale za mpunga zikuyendayenda, Che Hussaini anaimirira n'kukonza kanzu yawo, mkanjo wa kumzikiti.

"Abale, pepani ndikusokonezani chakudya. Galimoto ya malemu yathyoledwa. Amene wagulitsa ndikumudziwa. Amene munagula mukudzidziwa nokha. Mawa zonse ndizione pano. Apo ayi, tikaonana kupolisi."

Kuseri kwa chitseko cha nyumba, kumene kunali a Abida, sikunamveke kanthu. Kenako a Pilato, mwini chigayo cha pamsika, Mkhristu amene anabwera ndi mtolo wa nkhuni pa njinga, anaika mbale pansi, kusamba m'manja, n'kutuluka osatsanzika. Ena angapo anawatsatira.

"Ukuwaona?" Che Hussaini ananong'oneza Jamilu. "Mbewa zayamba kutuluka kuuna."

Kutacha, Jamilu anakhala pakhonde akumva ngati chinachake chasowa, koma sanadziwe kuti ndi chiyani. Anazindikira patapita nthawi. Chigayo sichinkalira. Kuyambira tsiku limene anafika, phokoso lake linkayamba dzuwa likamatuluka kuseri kwa phiri. Belu la kusukulu nalonso silinalire. Thuchila yense anali ngati wagwira mpweya.

Chimene chinamveka chinali kulira kwa wilibala.

"Odi kuno!" Anali a Pilato, thukuta lili kamukamu. "Ndabweretsa katundu wa apolisi."

Mu wilibalamo munali ledieta, yakuda ndi utsi, ufa utamatirira m'mipata yake. Che Hussaini anatuluka akumanga mabatani.

"Anakugulitsani ndani?"

"Ndinagula ndi zikomo, bwana. Ndiponso zikomoyo mwiniwake sanamudikire." A Pilato anapukuta nkhope ndi chipewa. "Inali nthawi yokolola, yanga itaphulika. Azimayi ankayenda mpaka ku Luchenza matumba ali pamutu. Che Makawa anangofika ndi iyi pa njinga, kumanga, kuthira madzi, kuona kuti sikudontha. Anandigwira dzanja n'kuti, ‘Mukauza munthu ndidzabwera kudzaichotsa.’ Ndasunga pakamwa zaka zonsezi. Koma kuti mayi awa atchedwe akuba chifukwa cha ufa umene tonse tadya, ayi. Che Makawa andikhululukire komwe ali."

Che Hussaini asanayankhe, pachipata panalowa Golden wometa anthu tsitsi, galasi la m'kati mwa galimoto lili m'manja.

"Theka la Thuchila ladziona m'galasi ili," anatero, "ndipo ambiri sanasangalale. Landirani."

Palibe amene anaseka, ngakhale Golden yemwe. Analiika pamkeka ndi manja awiri.

Pambuyo pake panafika aphunzitsi a Morton, munthu wa imvi, akugubuduza limu ya tayala mumsewu tayi ili pakhosi. Limuyo inali yonyezimira mbali imodzi, pomwe inkamenyedwa ndi chitsulo. M'kati mwa sabata inkaitana ana kusukulu, Lamlungu inkaitana anthu kutchalitchi.

"Ndinawafunsa Che Makawa ngati sikulakwa kwa iwo," anatero a Morton. "Anati chitsulo chilibe chipembedzo, koma munthu wochedwa ku mapemphero ndi wochedwa basi."

Mayi Alefa anabwera atasenza batire pankhata, nyali yakutsogolo ili m'chitenje kumsana ngati mwana. Zinkawalitsa chipinda chimene amayi oyembekezera amadikiriramo pa kachipatala ka kumudzi kwawo. Dalaivala wa kalole konyamula kabichi anabweretsa sitata. Amuna awiri analowa atanyamula mpando wa galimoto, ndipo kumbuyo kwawo, patali, Che Mustafa, telala wolumala miyendo, ankabwera ndi ndodo zawo. Anakana kunyamulidwa pa njinga. Anati mpando unapita kwa iwo ndi mwiniwake, nawonso aubweza okha.

Anthu amene sanabweretse kanthu anangoima kunja kwa mpanda akuonerera.

Jamilu anagwada pamkeka. Anatenga sitata n'kuitembenuza. Anaikumbuka. Anaigula m'mawa wina wozizira kwambiri, zala zitauma, n'kuikulunga m'bulangeti lake kuti isaphwanyike m'basi. Nthawi yonseyi ankaiona m'maganizo ili yonyezimira pansi pa boneti, ikudikira iye. Tsopano inali yakuda, mano ake atatha ndi ntchito. Anagwira batire, anagwira mpando umene nsalu yake inali itaperepeseka pakati. Chilichonse chinali ndi fungo la kumene chinachokera: ufa, mafuta a makina osokera, sopo wa kuchipatala. Anayang'ana anthu aja, ndipo anaona ngati bambo ake akulowa pachipata chidutswachidutswa, m'manja mwa anthu amene iye sankawadziwa n'komwe.

"Alamu."

Mawuwo anali a mayi ake a Jamilu, kuchokera kuseri kwa chitseko. Anali otsika, koma bwalo lonse linawamva.

"Mwamuvula m'bale wanu pagulu. Iye anabisa bwino."

Munalibe mkwiyo m'mawumo. Che Hussaini anapita pakhonde n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, pasimenti, osasamala kanzu.

"Alamu, pakamwa panga pandichimwitsa."

"Ndamva."

"Bwanji simunandiuze?"

"Sadaka ya munthu si yanga kuti ndiiulule. Ndinati dzina langa lidzatsukika, koma chobisika chikaululika sichibwereranso."

Kenako a Pilato anatsokomola pang'ono.

"Ine ndili ndi pempho. Zinthu izi sizinakumanepo zonse malo amodzi. Wina akabweza, wina watenga. Poti lero zakumana, bwanji tiimve injini ikulira kamodzi?"

Jamilu anayang'ana kuchitseko.

"Imveni," anatero mayi ake.

Bokosi la masipanala linatuluka. Dalaivala uja analowa kunsi, a Pilato anagwira ledieta, Jamilu ankamanga. Mayi Alefa anaonetsa waya umene Che Makawa ankayambira polumikiza batire. Che Mustafa anakhala pa mpando wawo, umene unali usanalowe m'galimoto, akuuza aliyense kuti akulakwitsa. Che Hussaini anasowa kanthawi, n'kubwera ndi petulo m'chigubu. Nthawi ya swala ya masana Asilamu anasamba m'manja n'kuswali pansi pa mtengo, Akhristu anakhala pambali akudikira, ndipo ntchito inapitirira.

Dzuwa litapendeka, Jamilu anakhala pa chiwongolero. Ananena Bismillah n'kupotoza kiyi. Injini inatsokomola, n'kuleka. Anayesanso. Inatsokomola, inanjenjemera, utsi wakuda unatuluka kumbuyo, kenako inagwira.

Sinalire ngati galimoto yakale. Inkapuma mofatsa, mosadukiza, ngati munthu amene wagona bwino. Chiwongolero chinkanthunthumira pang'ono m'manja mwake. Masamba a mapeyala amene anagwera paboneti anayamba kuyenda okha mpaka kugwa pansi. Mitambo inali itachoka kuphiri, ndipo m'galasi lakutsogolo thanthwe lonse la Chambe linaima poyera, lofiirira ndi dzuwa, lalikulu moti Jamilu anawerama kuti aone pamwamba pake. Palibe amene anawomba m'manja. A Morton anavula chipewa. Pazenera la chipinda katani inasuntha pang'ono, n'kukhala choncho.

"Alhamdulillah," anatero wina motsitsa.

Jamilu anaisiya kuti ilire mpaka mtima wake unakwana. Atazimitsa, anaona kuti kunja kwa mpanda kwakhala azimayi angapo, matumba a chimanga ali pambali pawo. Ankangoyang'ana a Pilato.

Che Hussaini nawonso anawaona. Anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana, n'kuibwezeranso.

"Wa ku Limbe uja ndimuuza kuti galimoto ili pa ntchito," anatero. "A Pilato, ledieta ikazizira tengani. Aphunzitsi, mawa ana asachedwe chifukwa cha ine. Mayi Alefa, batire ili ndikunyamulirani ndekha, dzuwa lisanalowe."

Anthu anayamba kusuntha. Che Hussaini anabwerera pakhonde.

"Alamu, ndingatengeko kanthu kakang'ono? Kongoti ndikafika kwathu ndiziti aka kanali ka achimwene."

"Tengani chimene dzanja lagwira."

Anazungulira pikapuyo mpaka anaima pa galasi la kumanzere, limene palibe amene analikhudza tsiku lonse.

"Dikirani, baba, nditenge sipanala," anatero Jamilu. "Manati a zaka zimenezi sachoka ndi mapemphero."

Pobwera ndi sipanala anapeza galasi lili kale m'manja mwa Che Hussaini. Nati inali itazungulira ndi zala zokha. Bambowo anayang'ana chala chawo: chinali ndi gilizi watsopano, wachikasu. Anagwira nati ya nyali yakumbuyo, inazungulira. Anagwira ya chitseko cha kubodi, nayonso inazungulira. Jamilu anayesa za mbali inayo. Zonse zinali chimodzimodzi, zopukutidwa dzimbiri, zopakidwa gilizi, zomangidwa mongokwanira kuti chinthu chisagwe, komanso kuti chisavute kuchotsa wina akachifuna.

Che Hussaini anapukutira chala pa kanzu yawo yoyera. Anabwezera nati ya nyali ija pamalo pake, anaizungulitsa mpaka inakhudza chitsulo, n'kuisiya pomwepo.