Kompyuta Yati a Kachingwe Ndi Oyembekezera

Chifikireni uthengawo, Bambo Lyton Kachingwe sanakhazikikenso pampando. Bungwe limene linapereka makompyuta ku laibulale ya anthu a pa Nkhata Bay linati likubwera kudzawatenga kuti apite ku Mzuzu, chifukwa anthu sakuwagwiritsa ntchito.

"Sakuwagwiritsa ntchito!" ankatero akuzungulira pakhonde la nyumba yawo. Iwo ndiwo ankayang'anira laibulaleyo chipumireni pa ntchito ya ukalaliki, ndipo tayi sankavula ngakhale kutenthe bwanji. "Nanga mzere umafika pamtengo wa mango uja ndi wa mizukwa?"

Akazi awo, Mayi Enelesi, ndiwo anali pa moto weniweni. Atagulitsa zitenje kudoko zaka zambiri, anabwerera kusukulu kuti alembe mayeso a Fomu Folo. Mabuku a sayansi m'tauni monse munalibe. Anali m'makompyuta omwewo, ndipo mayeso anali atayandikira.

"Bambo a Melissa, akawatenga ine ndiziwerenga maluwa a pachitenje?"

"Mayi a Melissa, nkhaniyi ili m'manja mwa akuluakulu," anayankha a Kachingwe, akuloza pamtima pawo.

Lachisanu galimoto ya bungwe inaima pakhomo la laibulale, dalaivala n'kutsitsiratu makatoni. Munatuluka Mayi Suzgo Nyirenda, mlangizi wa za makompyuta. Anthu anadzaza m'chipinda mpaka m'mawindo, Mayi Enelesi ali kutsogolo.

"M'makompyuta muno muli pulogalamu yowerengera," anayamba Mayi Nyirenda. "Munthu akalowa ndi nambala yake, imalemba kuti kwabwera munthu. Akatsegula buku, imalemba kuti buku lakuti latsegulidwa. Ife ku ofesi timaona lipoti lokhalo. Ndiye lipoti likuti kuno kumabwera munthu mmodzi yekha."

"Ndani ameneyo?" anafunsa a Kachingwe mokwiya.

"Ndinu, Ada. Nambala ya woyang'anira. Koma ndinu munthu wakhama. M'mawa mumawerenga za kuyanika usipa, masana za mabuleki a minibasi, kenako Bayoloje ya Fomu Folo. Ndipo mafuno abwino: masiku ano mwalimbikira za zakudya za mayi woyembekezera. Sikelo munayamba?"

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. A Kachingwe anakonza tayi yomwe inali yokonzeka kale.

Nkhani inali yotere. Bungwe linasiya timakhadi ta manambala toti aliyense azilowera. A Kachingwe anatitsekera m'kabati, poti chinsinsi chogawira tauni yonse si chinsinsinso. M'mawa uliwonse ankatsegula makompyuta ndi nambala yawo, atauza anthu kuti ayang'ane kukhoma. Wina akamaliza kuwerenga ankangonyamuka n'kuuza mnzake kuti, "Khalanipo, ndakusiyirani yotsegula." Kutseka pamene mnzako akudikira kunkaoneka ngati kumumenyetsera chitseko kumaso. Ulemu umenewo ndiwo unkawapitikitsira makompyuta ku Mzuzu.

Mayi Enelesi anakweza dzanja.

"Pepani, alangizi. Timakhadito ngakhale akanatigawa, ambiri akanakana. Pali ena amabwera kudzawerenga za kachilombo, ena za kulera. Amaopa kuti makinawa alemba mayina awo, mawa tauni yonse n'kudziwa. Pa dzina la bambowa amabisalapo bwino."

Phwete lija linatha. Ena anayang'ana pansi.

"Mwafunsa bwino, Ama," anatero Mayi Nyirenda. "Pulogalamuyi sidziwa dzina la munthu. Ikani timakhadi m'lichero, aliyense atole kake, ndipo asalembedwe paliponse. Ife tidzangoona kuti nambala yakuti inabwera, buku lakuti linatsegulidwa. A Kachingwe tawadziwa chifukwa nambala yawo ndi ya udindo."

"Ya udindo," anabwereza a Kachingwe, nkhope ikuwalako pang'ono.

Panja dalaivala analiza hutala. Mayi Nyirenda anayang'ana makatoni, n'kuyang'ana anthu a m'mawindo aja.

"Maso anga aona, koma ku ofesi sakamva za maso anga. Akufuna lipoti. Ndikusiyirani mpaka kutha kwa mwezi. Likadzabweranso ndi munthu mmodzi, sindidzakhala ndi mawu."

Masiku otsatirawo laibulale inali yapiringupiringu. A Kachingwe ankaima pakhomo ndi lichero la akazi awo, akulengeza ngati kondakitala wa minibasi: "Lowani ndi nambala yanu! Mukamaliza tulukani! Kutseka si mwano!" Mayi Enelesi anafalitsa uthenga kudoko kwa amalonda anzawo ndi kwa asodzi a ku Mwaya. Poyamba anthu ankapepesana potseka. "Yewo, musandione ngati wamwano, ndi lamulo." Kenako anazolowera. A Kachingwe okha ndi amene sanazolowere kudikira. Galimoto iliyonse ikatsika msewu wa ku Mzuzu ankathamangira pawindo.

Mwezi utatha Mayi Nyirenda anabwera opanda makatoni. Lipoti linaonetsa khamu la anthu, ndipo linaonetsanso kuti mabuku a zaumoyo ndi a Fomu Folo ndi amene ankatsegulidwa kwambiri. Bungwe linasiya makompyutawo n'kuwonjezeramo mabuku ena a mitu yomweyo. Mayi Enelesi analemba mayeso awo ndipo Bayoloje anakhoza.

A Kachingwe anauza komiti ya laibulale kuti maganizo a licherowo anali nawo kalekale. Palibe anawatsutsa, kupatula mayi wina amene anafunsa ngati mwana anabadwa bwino.

Inunso mukapita ku laibulale, lowani pakompyuta ndi nambala yanu ndipo mukamaliza tulukani. Pulogalamu yowerengera sifuna dzina lanu, imangofuna kudziwa kuti munabwera. Chinthu chimene chikuoneka ngati chilibe eni ake amachipereka kwina.