Mabaji a Anamwino

Atelala anagona masiku atatu okha m'chipatala, kukachotsa ng'ala m'diso. Atabwerera kushopu Lachinayi m'mawa, diso lina lili chomatira, anapeza kompyuta yawo itasanduka mlendo.

Kompyutayo inali yakale, yolira ngati lole yokwera mtunda, koma ndi imene inkauza makina opeta chochita. Ankangodina pakachithunzi ka singano, kusankha baji, makina n'kuyamba kusoka okha. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anapeta chonchi mabaji a sukulu ya anamwino. Tsopano mayunifolomu sikisite anali mbwee patebulo, ofunika Loweruka m'mawa pamwambo womaliza maphunziro, koma pasikirini panalibe singano iliyonse.

"Wagwira kompyuta yanga ndani?"

Mwana wawo wachisamba, amene anzake amamutcha Injiniya ngakhale kozi anaisiyira panjira, anatulukira kuseri kwa katani mano onse pamtunda.

"Ndakukonzerani, amayi. Zakale zija ndafufuta, zinali mavairasi okhaokha. Ndaikamo mtundu wina, waulere, wopepuka. Muziyamika."

"Ndinakutuma?"

"Ayi, koma..."

"Peta baji imodzi ndione."

Injiniya anakhala pampando. Zithunzi za mabaji anali atazisunga pafulashi, zimenezo zinalipo. Koma pulogalamu yolankhula ndi makina inakana kutseguka. Anatayipa, anatayipanso, thukuta kamukamu. Makina opeta anangoti zii.

"Chimbale cha pulogalamuyi chili kuti, amayi?"

"Kafunse kumanda. Anandiikira ndi bambo amene anandigulitsa makinawa."

Ali mkati mwa zimenezi, mkamwini wawo analowa ndi mankhwala a m'maso amene mkazi wake anamupatsira. Paphewa anali atakoleka chikwama cha laputopu yake yasiliva, imene sankaisiya ngakhale popita kumaliro. Atamva nkhani anapukusa mutu mwachisoni chonamizira.

"Alamu, ndinakuuzani kale. Zaulerezi n'zoseweretsa. Musadandaule amayi, yangayi sivuta. Ungoilumikiza basi, imadziwa yokha."

Anaiika patebulo mosamala ngati dzira. Atelala anamupatsa chingwe cha makina, chamutu waukulu, chokhala ndi tizomangira tiwiri. Mkamwini anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana laputopu. M'mbali mwake munali timabowo tiwiri tokha, ngati mphuno za mwanapiye.

"Pangofunika kolumikizira."

"Muli nako?"

"Titha kuitanitsa. Sabata imodzi kafika."

Injiniya anaseka mpaka kutsokomola. "Ndende yopaka siliva! Ngakhale kolumikizirako kabwere, pulogalamu ya makinawa kwanuko kulibe. Fufuzani muone."

"Koma yanga sinafufutepo ntchito ya munthu."

"Yanu mukafuna kusintha batire mumakapempha chilolezo!"

"Inu tsiku lonse kulemba timalamulo pasikirini yakuda ngati wolosera. Mwana wa sukulu angaigwiritse imeneyo?"

Anakokana chonchi mpaka dzuwa pamutu. Wina liwiro, wina chitetezo, wina kukongola kwa zilembo. Baji sanaitchulenso. Atelala anakhala pampando wawo, diso likubaya. Anaganiza zopeta pamanja monga ankachitira ali mtsikana, koma baji imodzi imadya theka la tsiku, ndipo adokotala anati singano asaiyandikire mwezi wathunthu.

Anamenya sizasi patebulo. Phaa!

"Khalani chete nonse! Iwe, ndi maphunziro ako osamalizawo, unayamba wandifunsa kuti kompyutayi ndimachita nayo chiyani? Inunso bambo, ulemu ndimakupatsani, koma chigalasi chanucho chotsani pansalu za eni. Ine sindidziwa kuti yabwino ndi iti. Ndimadziwa kuti Lolemba ndinali ndi shopu, lero ndili ndi amuna awiri olongolola."

"Mundipatse masiku awiri okha, amayi," anatero Injiniya motsitsa. "Pali njira ina..."

"Masiku awiri ndi Loweruka. Nyamulani."

"Tinyamule chiyani?"

"Mayunifolomu. Sate iwe, sate apongozi akowa... alamu akowa. Mwandizunguza mpaka lilime."

Anawatsogolera kuwoloka msewu, anthu akuona. Kutsidyako kunali shopu ya mayi wina amene Atelala anamuphunzitsa okha kugwira sizasi, n'kudzawachokera opanda kutsazika. Zaka zisanu sanalonjerane. Ntchito ya anamwinoyi mayiyo ankaifuna kalekale, ndipo Atelala ankadziwa kuti ikawoloka msewu sidzabwereranso. Koma atsikana sikisite sakanaima pamaso pa makolo awo ndi zifuwa zopanda baji chifukwa cha uchitsiru wa m'nyumba mwawo.

Mayiyo anaimirira, tepi ili m'khosi.

"Amayi! Kwagwanji?"

"Mabaji. Loweruka m'mawa. Ukwanitsa?"

"Ndikwanitsa."

"Ulusi wabuluu ukhale wakuda pang'ono, a metroni a kusukulu ya anamwino sakonda wowala. Iwe, m'patse fulashi."

Injiniya anapereka. Kenaka maso ake anagwera pakompyuta ya mayiyo pakona, yamtundu wakale womwe uja, ndipo mkamwini naye anali ataiona. Onse awiri anakoka mpweya kuti alankhule.

"Woyamba kutsegula pakamwa ndimusoka milomo," anatero Atelala. "Pamanja."

Anatenga choko cholembera pansalu, n'kulemba nambala ya a metroni pakauntala ya mayiyo, manambala akuluakulu.

"Uwaimbire wekha. Ine mawu andithera."