Mayi Nambala 7

Ophunzira a pakoleji ankamutcha Zala, chifukwa akakhala pa kompyuta zala zake sizinkaoneka n'komwe. Shopu yomwe ankagwiramo ntchito inali kachipinda kamodzi moyang'anizana ndi geti la koleji: makompyuta awiri, makina a fotokope otentha ngati simbi, ndi benchi la odikira. Abwana, mwini shopu, anali ndi lamulo limodzi basi: taipa zomwe walandira. Wolemba akalakwitsa, lakwitsa naye. Amene ankakhala pampandopo Zala asanabwere anachotsedwa ntchito chifukwa chokonza mawu a eni ake.

Nyengo yopereka zimangirizo ikafika, mapepala ankaunjikana mpaka kubisa khoma. M'mawa ataipe za ndakatulo, kenako za momwe kampani ya sopo ingakopere ogula, kenako za mlandu wa munthu wogulitsa nyumba imodzi kwa anthu awiri. Ankawadziwa onse mapepala asanawatsegule. A zamalamulo chiganizo chimodzi chinkadzaza tsamba. A bizinesi, mabokosi ndi mivi ponseponse. A zamafilimu ankafika mochedwa, pepala lili ndi mafuta, ndipo Zala ankachita kuona kuti filimuyo anaisiyira pakati.

Lachisanu lina masana kunabwera mtsikana wa magalasi, wophunzira zaumoyo, thukuta lili kamukamu.

"Sisi, chonde, folo koloko ndikhale nditapereka. Ikangopitirira amatseka chitseko, samva za munthu."

Zala anamuzindikira. Miyezi inayi m'mbuyomo mtsikanayu anabwera kusikelo ya ana, Zala ali komweko ndi mwana wake, foni m'manja, kufunsa amayi achichepere chomwe anasiyira sukulu. Iye sanamuzindikire Zala. Kusikelo amayi onse amafanana, mwana pamiyendo, khadi m'manja.

Anataipa masamba khumi osapuma. Pa tsamba lotsatira panalembedwa kuti: "Mayi Nambala 7, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, anasiya sukulu kutatsala sabata imodzi kuti alembe mayeso a Fomu 3. Iye anati, 'Ngakhale mimba ikanapanda kubwera, ine sukulu inali itandikwana kale.' Izi zikusonyeza kuti atsikana ena amasiya chifukwa chosowa chidwi."

Zala zinaima.

Kumukwana sukulu, iyeyo? Iye amene ankakutira makope ake ndi nyuzipepala usiku woti mawa atsegulira, n'kumawanunkhiza asanalembemo? Desiki yake inali yachitatu kuchokera kuwindo, mwendo umodzi waufupi, ndipo ankauchirikiza ndi chotsekera cha botolo. Mzere wa m'mphepete mwa tsamba ankaujambula ndi lula, osati ndi maso ngati anyamata akumbuyo. Aphunzitsi a chimangirizo anali bambo wamtali, wa jekete imodzi chaka chonse, choko mpaka m'nsidze. Sankayamikira munthu wamba. Koma tsiku lina anaima kutsogolo n'kuwerengera kalasi yonse zomwe iye analemba za msewu wakwawo ikagwa mvula, mpaka pamene analemba kuti matope amavula munthu nsapato ngati mlonda wa pachipata. Kalasi inaseka, aphunzitsi anangoti, "Mwamva? Uyu amayang'ana asanalembe." Tsiku limenelo anafika kunyumba osadziwa kuti wadutsa njira iti.

Kusintha mawuwo kunali kosavuta. Mtsikanayo anali pabenchi, maso pa foni, ndipo anthu othamangira folo koloko sawerenga zomwe wawataipira. Koma abwana anali pomwepo akulimbana ndi pepala lomwe linakakamira mu fotokope, ndipo mwana wa Zala ankadya kuchokera pampando umenewu.

"Achemwali," anaitana. "Tabwerani. Mayi Nambala 7 uyu mwamunamizira."

Mtsikanayo anadzuka. "Pali polakwika?"

"Sananene zimenezi."

"Inu mwadziwa bwanji?"

"Ndine."

Abwana anatulutsa mutu kuseri kwa makina. "Zala, tayamba liti kuchonga?"

"Sindinakhudze kalikonse, bwana. Ndikungofunsa mwini wake."

Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa, manyazi n'kumugwira. "Pepani, sindinakuzindikireni. Koma sisi, ine sindipeka. Zonse ndinajambula." Anafufuza mufoni, n'kuiika patebulo.

Munamveka phokoso la kusikelo, ana kulira, namwino kuitana mayina. Kenako mawu a Zala, okwera, oseka: "Aaa, ngakhale mimba ikanapanda kubwera, ine sukulu inali itandikwana kale." Amayi ena anaseka nawo. Pafupi penipeni panamveka mawu a munthu wamkulu: "Eya, auze. Sukulu sadyera."

Mawu oyambawo anali a Zala ndithu.

"Enawo ndi apongozi anga," anatero Zala. "Anandiperekeza tsiku limenelo. Munkafuna ndinene chiyani iwo ali pambali panga, mwana wawo ali yemwe anandisiyitsa? Ndinene kuti ndikamva belu la sukulu ya kuseri kwathu ndimasiya kuchapa? Tikanabwerera basi imodzi?"

"Ndiye munanama."

"Ndinasunga banja. Inunso mukafunsa munthu, muziyamba mwaona amene wakhala naye pabenchi."

Abwana anatsokomola, kubisa chiseko.

Mtsikanayo anavula magalasi n'kupukuta. "Vuto ndi lakuti zomwe zili mufoni sindingazisinthe. Komanso pa amayi khumi ndi awiri, wosowa chidwi munali inu nokha. Mukachoka inu, gawo lonselo lagwa. Masamba atatu."

"Ligwe. Linamangidwa pa bodza langa."

"Sisi, nthawi."

"Hafu pasiti thu. Foniyo yadzaza? Ndifunseninso. Inu lembani ndi dzanja, ine kutaipa masamba atatu ndi mphindi khumi."

Mtsikanayo anayang'ana abwana. Abwana anayang'ana mulu wa mapepala odikira, n'kupukusa mutu. "Mnyamata wa zamalamulo, mwini mapepala ali pamwambawa, akabwera mumuyankhe nokha. Ine kulibe." Anabwerera ku makina awo.

Mtsikanayo anakoka mpando, n'kudina foni. "Mayi, munasiyiranji sukulu?"

Zala anayamba ndi yunifolomu, momwe anaimasulira msoko kawiri mpaka nsalu inatha. Ananena za kalata yomwe anapatsidwa kuofesi, yoti akhoza kudzabwerera mwana akakula, koma osanena kuti mwanayo adzatsala ndi ndani. Ananena za chimangirizo chomaliza chomwe anapereka Lachitatu, iye n'kusiya Lachisanu, moti mpaka lero sadziwa kuti aphunzitsi a jekete aja analembapo chiyani ndi cholembera chawo chofiira. Sanalire. Ankalankhula ngati akulongosola njira ya kumsika, uku akuwongola mapepala patebulo.

Zonsezo zikanadzaza tsamba ndi theka. Mtsikanayo anatengapo mizere inayi, anafufuta masamba ake atatu, n'kulemba ena awiri atatsamira pa bondo. Pamwamba anafotokoza kuti mayiyu anafunsidwa kawiri, koyamba pali apongozi ake, kachiwiri palibe.

Zala anataipa. Atafika pa mizere inayi ija anachepetsa liwiro, n'kuiwerenga kawiri.

"Awa ndiye anga," anatero, n'kutumiza ku pulintala.

Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, mtsikanayo anawoloka msewu chothamanga, mapepala akadali ofunda pachifuwa, njinga yamoto n'kumuphonya pang'ono. Zala anamuyang'ana mpaka analowa pageti. Kenako anakoka za munthu wa zamalamulo uja, n'kuyamba kufunafuna pomwe chiganizo choyamba chathera.