Matumba Amene Luwiza Sanatenthe

Ntchito ya Luwiza inali yowononga matumba. Anzake amene anamaliza nawo Folomu 4 ankaseka akamva, koma iye ankainyadira. Kampani ya mbewu ya Nthanda inamulemba m'chaka cha 2000, n'kumupatsa njinga yakapalasa, chidindo cha dzina lake ndi malezala. Alimi akabzala, iye ankazungulira kwa Dambe ndi kwa Zulu kutolera matumba opanda kanthu, kuwadinda mkati, kuwang'amba pakati, n'kukawatentha. Akapanda kutero akamberembere ankawatola, kuthiramo chimanga chofumbwa cha m'nkhokwe chopaka utoto wofiira, kumata kukamwa ndi kandulo, n'kumagulitsa m'misika ya kumalire. Mlimi ankangoona nyenyezi ya kampani pathumbapo n'kukhulupirira. Chimangacho chinkamera apa ndi apo, ndipo chomeracho chinkabereka tizitsononkho ngati chala.

Bwana wake anali a Kefasi Mbewe, bambo woonda amene kale ankaphunzitsa ku koleji ya zaulimi. Ankakonda kunena kuti wolondera dzina la mbewu amalondera mimba za ana. Anali atamulonjeza Luwiza kuti akagwira bwino zaka ziwiri adzamutumiza kukaphunzira malamulo a zizindikiro za malonda. Chiyambire tsikulo Luwiza ankapalasa njinga akudziona atavala jekete, chikwama kumanja, akulankhula m'khoti anthu ali zii. Zaka ziwirizo zinkamutalikira ngati ulendo wapansi wa ku Lilongwe.

Analakwa tsiku limodzi lokha, Lachisanu lina mu Disembala. Anali ndi mtolo wa matumba, odinda kale koma osang'amba, pamene anamva kuti Temwani, mphunzitsi amene ankamulembera makalata onunkhira sopo, akukwera basi masana omwewo kupita kwawo ku Mzimba. Anaponya mtolowo kuseri kwa chitseko kwa amayi ake ku Guilleme, kuwauza kuti ndi zokatentha, n'kuliyatsa liwiro la ku Boma. Basi anaipeza. Temwani anamugwira dzanja pawindo, nalonjeza kubwera pa Pasaka. Anatumiza makalata awiri, basi.

Atabwerera Lamulungu anapeza mtolo palibe. Pakhonde panali mabeseni awiri atsopano ndi chidebe cha mchere. Amayi ake, a Nabanda, anamufotokozera mokondwa kuti kunabwera bambo wina wa panjinga, waulemu wake, wosinthitsa ziwiya ndi matumba. Anati chibadwire sanaonepo munthu wamutu wake akutentha thumba lopanda bowo, pomwe ngakhale la shuga amalichapa n'kulisunga. Luwiza analira, anawakalipira, iwo n'kungomuyang'ana modabwa. Lolemba analemba mu lipoti kuti matumba onse anatenthedwa. Miyezi itapita anayamba kulikhulupirira yekha bodzalo.

Mu Okutobala chaka chotsatira a Mbewe anamuitanira mu ofesi. Kunja kunali ng'amba, nyenje zikulira m'mitengo. Patebulo panali thumba lolandidwa pamsika, lodzaza chimanga chofiira mopitirira muyezo. A Mbewe analikhuthula n'kulitembenuza. Dzina la Luwiza linali mkatimo, inki yake yabuluu ili gwa.

Sanakalipe. Anamuuza kuti matumba otere apezeka m'misika inayi, ndipo akuluakulu akufuna dzina la amene anawatulutsa. Ngati wina anawatenga iye osadziwa, angomutchula, apolisi akamutenge. Za lipoti labodza akonza okha. Ntchito ikhalapo, sukulu ijanso ikhalapo.

"Ndikudziwa si inu, Luwiza. Wogulitsa sadinda dzina lake. Ndi ndani?"

Luwiza anayang'ana chimanga chomwazikana patebulo. Anaona amayi ake atakhala pasimenti ya kupolisi, mpango uli m'manja, akufotokozera anyamata a yunifolomu za mabeseni. Anaonanso jekete ija, ndi chikwama, ndi khoti lija lili zii.

"Ndine, bwana. Ndinagulitsa ndekha."

"Mukunama. Ndaphunzitsa ana a anthu zaka khumi ndi zisanu, wonama ndimamuonera patali."

"Lembani momwemo, bwana."

A Mbewe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kupolisi sanamupereke. Anangomuuza, osamuyang'ana, kuti asiye chidindo patebulo ndi njinga pakhomo. Lezala limodzi linatsalira m'thumba la diresi yake.

Kumudzi sanapite msanga. Anakhala masabata atatu kwa mnzake ku Boma, akulemba makalata ofunsira ntchito amene sanawatumize, ndi imodzi ya ku Mzimba imene anaing'amba. Mvula yoyamba itagwa anatenga kachikwama kake n'kuyamba wapansi. Dothi linkanunkhira, inswa zikuuluka m'mbali mwa msewu, m'minda monse anthu atawerama.

A Nabanda anawapeza akutsuka khasu pachitsime, matope mpaka m'maondo. Za ntchito sanamve kanthu. Anamulandira ndi nkhani yabwino: chaka chino chimanga chamakolo achisiya. Chimene ankasungira mbewu padenga anagayitsa kale, mtedza anagulitsa, ndipo munda wonse abzala mbewu ya Nthanda, ya kampani ya mwana wawo. Anakaigula okha pamsika, n'kusankha yofiira bwino, osati yotumbuluka ya m'sitolo ija. Azimayi anzawo a kumphakati anawauzanso kuti agule yomweyo.

"Ndipo matumba a mbewuyo ndakusungira, mwananga. Ulendo uno sindinapatse munthu."

Analowa m'nyumba n'kutuluka nawo, anayi, otsuka, opinda bwino. Luwiza anakhala pakhonde pafupi ndi mabeseni aja, amene tsopano anali atayamba dzimbiri. Anagwira kukamwa kwa thumba loyamba n'kumva tinthuli ta pulasitiki wopsa ndi kandulo. Analitembenuza pang'onopang'ono. Inki inali itasuluka ndi madzi, koma dzina lake linkawerengeka.

Anayang'ana kumunda. Mizere inali yowongoka kuchokera pamtengo wa mango mpaka kudambo, mapando onse okwiriridwa, dothi lakuda lili nyowe. Mitambo inkasonkhananso cha kumalire. Anatulutsa lezala lija n'kung'amba matumbawo limodzi limodzi, amayi ake akuonerera mosilira mmene dzanja lake linazolowerera ntchito.

"Ubwerera liti kuntchito, Luwi?"

"Ndikhala kaye, amayi. Ndikuthandizeni kupalira."

A Nabanda anaseka, nati munthu wa mu ofesi khasu analiiwala kalekale, n'kulowa m'nyumba kukamuyalira mphasa.