Malaya Oveka Nthochi

"Malaya amodzi okha, alamu," anatero Evance. "Sindikupempha nyumba, sindikupempha galimoto. Malaya amodzi amene ankavala."

Dyna sanatembenuke. Anali pa sinki akutsuka kapu yotsuka kale, maso ali pawindo. Ukakhala pa fulati yawo ya ku Thamesmead, pamwamba penipeni, mtsinje wa Thames umaoneka ngati lata lakale, wotuwa, wosasuntha. Mwamuna wake Jailos ankautcha ngalande.

Panali patatha masabata atatu chipezekereni boti la Jailos likuyandama lokha pakati pa zilumba za Grenada ndi Carriacou, thanga lili lokweza theka, ketulo ili pa chitofu, mwiniwake palibe. Apolisi a pamadzi a kumeneko anasakasaka masiku asanu ndi anayi, kenako anasiya.

Evance, mkulu wake wa Jailos, anali atachokera ku Edmonton masana omwewo, masitima awiri ndi basi, yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba ili m'kati mwa jasi. Tikiti yopita ku Malawi inali m'thumba. Ankanyamuka Loweruka.

"Kumudzi nthochi adula kale," anatero. "Bokosi akhoma. Akungodikira mawu anu ndi chovala."

Kwawo ku Phalombe, munthu akapita ndi madzi osapezeka, maliro sawasiya ali lende. Amadula thunthu la nthochi, kuliveka chovala cha malemu, kuligoneka m'bokosi ndi kukaliika kumanda monga munthu. Akatero ndiye anthu amasesa pabwalo n'kubwerera kuminda.

"Mayi akugona pa simenti pa siwa kuyambira tsiku lija," Evance anapitiriza. "Zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, alamu. Miyendo yatupa. Akuti sakwera pabedi mwana wawo asanagone. Mukufuna tilire maliro awiri?"

Dyna anaika kapu pansi, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Alamu, ine unesi ndaugwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Munthu akatisiya pa wodi, sindiyang'anira pakhomo. Ndimagwira pakhosi mphindi yathunthu. Ndimamvera pamtima mphindi yathunthu. Ndimawalitsa tochi m'maso. Ndikatero ndiye ndimayang'ana wotchi n'kulemba nthawi. Inu mukufuna ndilembe nthawi ya munthu amene sindinamugwire."

"Nyanja si wodi, alamu."

"Ndipo mwamuna wanga si nthochi."

Pa sofa panali Stephanie, mwana mmodzi yekhayo wa Dyna ndi Jailos, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, laputopu ili pamiyendo koma osaiyang'ana. Anabwera ku London ali ndi zaka zinayi, ndipo Chichewa chake chinali choboolabooka ngati ukonde wakale.

"Mami, bambo aakulu sakufuna fight. Khalani pansi, please."

"Ndakhala pansi masabata atatu." Dyna anatsegula diloo n'kutulutsa pepala lopindapinda. Unali mndandanda umene apolisi aja anatumiza wa zinthu zopezeka m'boti. Analiyala patebulo pamaso pa Evance, chala chili pamzere umodzi. "Werengani apa. Life jacket, imodzi. Imodzi, alamu. Jailos anagula ziwiri, ndinali naye ndine mu shopu. Ndinamulumbiritsa pa Baibulo kuti akangokweza nangula azivala. Inayo ili kuti? Ili m'thupi mwake. Munthu wovala jekete samira. Zilumba zake n'zambirimbiri kumeneko, zina zopanda anthu, zopanda netiweki. Asodzi apezapo anthu patatha mwezi."

Evance anali atalimva kale funso limeneli kasanu. Jekete yosowayo ndi imene inagwira maliro onse pakhosi, kuyambira ku Thamesmead mpaka m'tsinde mwa phiri la Michesi.

Jailos Mponda sanali munthu wolowa m'nyumba mwakachetechete. Anafika ku London ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zobwereka, n'kuyamba ndi kutsuka mabasi ku depoti. Zaka zisanu, anali ndi vani yakeyake yosamutsira anthu katundu. Zaka khumi, mavani anayi, dzina lake lili m'mbali ndi zilembo zoti wakhungu n'kuwerenga. Tsiku lina akusamutsa mzungu wina wokalamba, anaona kuseri kwa nyumba boti la matanga lobooka pamimba, nkhunda zikugonamo. Anabwera nalo. Analikonza zaka zitatu m'mphepete mwa mtsinje, mvula ndi chisanu zili pamsana, anzake a kutchalitchi akumuseka kuti Nowa wa ku Phalombe. Atamaliza anagulitsa mavani onse, n'kulitcha botilo Sapitwa, n'kuwoloka nalo nyanja yaikulu pamodzi ndi anzake awiri. Anzakewo anabwerera pa ndege. Iye anatsala, botilo n'kukhala nyumba yake, lero chilumba ichi, sabata yamawa icho.

M'mawa uliwonse foni ya Dyna inkalira ndi mawu ake. "Asisitala, mwadzuka? Kuno madzi ake nangula ndikumuona pansi ngati ali m'galasi. Nsomba zikubwera zokha kudzapereka moni kwa Kaputeni. Inu mukadali kuthamangira basi? Disembala ifike, mupume pantchito, mudzaone chimene Mulungu analenga atakhuta."

Dyna ankaopa madzi ngakhale a m'bafa lodzaza. Pa botilo anali asanapondepo. Koma analonjeza kuti Disembala adzapita, ndipo kalata yopumira pantchito anali atapereka kale.

"Alamu," Evance anatsitsa mawu, "inenso ndi mng'ono wanga. Ndinamubereka kumsana ameneyu. Mukuganiza kuti ndikukondwa kukaveka nthochi malaya ake? Koma madzi akatayika sawoleka. Anthu kumudzi ayamba kuyankhula."

"Akuti chiyani?"

Evance anayang'ana pansi.

"Nenani. Akuti chiyani?"

"Akuti mkazi amene anamusiya mwamuna yekha panyanja zaka ziwiri, lero ndiye akumukakamira."

Stephanie anatseka laputopu mwamphamvu. "Bambo aakulu, that's not fair."

"Sindine ndikunena, mwanawe. Ndangonyamula."

"Mwanyamula bwino," anatero Dyna. Mawu ake anali osalala ngati a pa wodi. "Mukawauze kuti amene akufuna malaya a Jailos abwere adzawatenge yekha mu wadilopu yanga."

Belu la pakhomo linalira. Onse atatu anatembenukira kuchitseko. Stephanie ndiye anapita, ndipo anabwerera akukoka katoni yaikulu yomatamata ndi tepi, masitampa achilendo ali mbali yonse.

"Yachokera ku Carriacou. Kwa a Shadrick, aja amakonza maboti, amene akusunga Sapitwa," anatero Stephanie.

Anaidula ndi mpeni wa buledi. Fungo linatuluka lisanaoneke kanthu: mchere, dizilo ndi sopo wa Jailos. Dyna anagwira m'mphepete mwa tebulo. Pamwamba panali chipewa choyera cha ukaputeni chimene Jailos anadzigulira yekha, kenako buku lolembamo za ulendo, magalasi owerengera omanga ndi waya, malaya anayi opinda bwino, ndipo pansi penipeni chikwama cha pulasitiki chotseka ndi zipi, jekete yofiira ikuonekera m'kati. Pambali panali envelopu.

"Werenga," anatero Dyna.

Stephanie anayamba bwinobwino. Shadrick analemba kuti chilumba chonse chinkamudziwa Kaputeni Jay, kuti ankalowa mumsika akuimba, kuti anaphunzitsa amayi ogulitsa nsomba kunena zikomo. Kenako Stephanie anaima. Maso ake anathamanga mpaka pansi pa pepala, n'kubwerera.

"Mami, tiwerenge later."

"Werenga pano."

"Mami."

"Stephanie, ndakuuza."

Anawerenga. Shadrick ankati pali chinthu chimene apolisi sanafunse, ndipo iye wakhala akulephera kugona nacho. M'mwezi wa Malichi mng'ono wake wa Shadrick, msodzi, ankapita kutali pa kaboti kakang'ono wopanda chovala chilichonse chomuyandamitsa, mkazi wake ali ndi pakati. Kaputeni ataona anavula jekete yake pa doko pomwepo n'kumuveka, anthu akuona, n'kunena kuti iye akagula ina akadzafika ku Grenada. Sanagule. Shadrick anamuuza kangapo kuti pakadali pano azivala inayo, ya mu lokala, kabati ya m'botimo. Kaputeni ankangoseka. Ankati imeneyo ndi ya Asisitala, anaiyeza kale pa thupi lawo, ndipo palibe woikhudza mpaka Disembala. Jekete ya Kaputeni ili kwa msodzi uja mpaka lero. Akuchita manyazi, ndipo akufunsa ngati aitumize.

Pansi, kutali, basi inaima pa siteji n'kunyamukanso.

Dyna anatenga pepala la apolisi lija, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kulipinda kanayi motsata mizere yake yakale.

"Chitsiru," anatero motsitsa. "Chitsiru cha munthu. Pa Baibulo, Stephanie. Dzanja lili pa Baibulo. Jekete ili apo mu lokala, mkono umodzi kuchokera pa chiwongolero, iye n'kumati ndi ya Asisitala. Ndinamupempha ine? Ndinati andisungire?"

Evance anavula magalasi n'kubisa nkhope m'dzanja. Mapewa ake ankagwedezeka. Munthu amene anabwera kudzatenga mawu oti mng'ono wake wafa, ndiye anali woyamba kugonja atawamva.

"Ndi mmene analili," anatero atapeza mpweya. "Tili ana anapereka nsapato zake za sukulu kwa mnzake, n'kuyenda chaka chonse wopanda, akuuza aliyense kuti nsapato zimachedwetsa munthu wothamanga."

Dyna anatembenukira kukhoma kumene kunali wotchi, n'kuyang'ana muvi wa masekondi ukuzungulira. Stephanie anafuna kuyankhula, koma Evance anamugwira mkono. Muvi unazungulira mpaka kubwerera pamene unayambira.

"Twenty past three," anatero Dyna. "Lachinayi."

Anayala malaya anayi aja patebulo. Ena anali oyera, a kolala yolimba, ovala ku tchalitchi. Dzanja la Evance linali litayamba kale kulowera kumeneko. Dyna anawakankhira pambali n'kunyamula achikasu, odzaza zinkhwe zobiriwira ndi maluwa aakulu ngati mbale, ong'ambika pang'ono pathumba.

"Awa."

"Alamu, oyerawo sangakhale bwino? Pamaliro padzakhala abusa. Mayi adzati chiyani akaona mbalamezi?"

"Adzati ndi Jailos. Oyerawo ankavala akafuna kundinyengerera. Mukaveke awa, ndipo mabatani awiri apamwamba musatseke. Sankatseka."

Evance analandira ndi manja awiri. Anawapinda mosamala pa bondo, n'kuwalowetsa m'kati mwa jasi, pachifuwa, osati m'chikwama.

"Ndiwaimbire mayi?"

"Aimbireni. Muwauze kuti lero agone pabedi, nesi walamula. Miyendo aike pa pilo." Anatembenukira kwa mwana wake. "Iwe uwayankhe a Shadrick. Jeketeyo asatumize. Mng'ono wawoyo azivala tsiku lililonse, ndipo ndikadzamva kuti waisiya pa doko, ndidzabwera ndekha."

Evance anatuluka pakhonde ndi foni. Mawu ake ankamveka pang'ono kudzera pagalasi, akukuwa monga amachitira anthu poimba kumudzi, kenako anatsika.

M'katoni munatsala chikwama chija. Dyna anachitulutsa n'kutsegula zipi. Jekete inali yatsopano, yosakhudzapo madzi, malamba ake onse ali omanga. Koma sinali yopanda kanthu. Inamangidwa mozungulira nsalu ya buluu, ndipo ataikoka inatuluka yunifolomu yake yakale ya unesi, ija inasowa zaka ziwiri zapitazo, imene inamukanganitsa ndi anthu ochapa zovala kuchipatala sabata yathunthu. M'kati mwake munali kapilo kakang'ono.

"Anaba ndi adadi," anatero Stephanie, akuseka ndi kulira pamodzi. "Anaika pilo kuti ayeze size yanu."

Dyna anamasula chomangira cha kutsogolo, n'kulowetsa mkono umodzi, kenako winawo. Anatseka. Chinalira kamodzi, thwa. Sipanafunike kukoka kapena kumasula lamba aliyense. Nsonga za malambawo zinali zosokerera ndi ulusi wa matanga, misoko ikuluikulu yokhotakhota, kuti zisasunthe. M'kathumba ka pachifuwa munali kanthu kolimba. Anapisamo zala n'kutulutsa paketi ya mapilisi oletsa chizungulire cha panyanja ndi maswiti atatu a jinja, omata ndi kutentha.

Anasenda switi imodzi n'kuika m'kamwa. Kenako anakhala pampando woyang'ana kuwindo, jekete ili m'thupi, manja ali pamalamba.