Mkamwini Wothira Mbewa Mafuta

Wisdom Chimkono anatha zaka zinayi ku Ulaya akuphunzira sayansi, koma tsiku lokaonekera kwa makolo a Tusekile kufupi ndi Songwe, mtima unali phaphapha ngati wa mwana wa sitandade wani. Chibwenzi chakecho chinamupatsa lamulo limodzi m'basi: "Usatchule mbewa. Kwathu Mchewa timamuseka nazo. Amalume akakukana, za ukwati iwala."

Tsoka lake, mbewa ndiyo inali ntchito yake. Mwana wa ku Dedza, wokula akukumba mbewa m'mizere, anakwera ndege ulendo wonsewo n'kukapeza mbewa zomwezo, kungoti zoyera. Naye ankadziseka akaganiza.

Atatha kudya mbalaga ya nthochi ndi nyama, a Zebedee, malume ake a Tusekile, amene anakalambira pa boda akufunsa anthu za m'zikwama zawo, anasendeza mpando.

"Sono ada, ntchito yanu ni vichi?"

"Ndimapanga timadontho ta mafuta tosaoneka ndi maso," anatero Wisdom, akusankha mawu ngati mpunga. "M'kati timakulungamo malangizo a chibadwa, aja amauza thupi kakulidwe kake. Kale tinkabaya mluza ndi singano, miluza yambiri n'kufa. Pano timangouviika m'timadonthoti, malangizo n'kulowa okha."

"Katundu wolowa osadinditsa. Mluza wa ng'ombe?"

"Ayi, kanyama kocheperapo."

"Mbuzi?"

Wisdom anayang'ana Tusekile. Tusekile anayang'ana pansi. Bodza linakana kubwera, madigiri onse aja osathandiza kanthu.

"Mbewa," ananong'ona.

Phwete linayambira pakhonde pomwe panali azimayi, n'kulowa m'nyumba. A Zebedee anachita kupukuta misozi. "Nadi Mchewa ni Mchewa! Mpaka kuzithira mafuta zisanabadwe!"

Wisdom anamva manyazi mpaka kumapazi. Anayamba kuganiza za basi yobwerera, ali yekha.

"Zinalipo zingati?" anafunsanso mkuluyo.

"Mazanamazana."

"Zonenepa?"

"Zonenepa ndithu," anayankha, mwachisoni chomwe sanathe kubisa.

"Munadyako zingati?"

"Olo imodzi, amalume."

Kuseka kunatha. A Zebedee anatembenukira kwa bambo a Tusekile, nakambirana m'Chinkhonde kwa kanthawi, Wisdom osatolapo kanthu kupatula dzina lake. Kenako anabwerera ku Chichewa.

"Ine pa boda ndaona anthu akugwa ndi zinthu zazing'ono. Koma Mchewa, zaka zinayi pakati pa mbewa zonenepa, osalawako! Munthu wodziletsa chonchi sangayang'ane mkazi wa mwini. Tumizani ankhoswe anu."

Pakhonde panamveka nthungululu. Tusekile anabisa nkhope m'chitenje.

"Ndagha," anathokoza Wisdom ndi liwu lokhalo la Chinkhonde lomwe ankalidziwa. Anawerama mwaulemu waukulu, dzanja litapsinja thumba la jekete, momwe munali mbewa ziwiri zouma zimene anagulira pawindo la basi pa Kasungu Tusekile ali m'tulo.