Mtanda M'thumba la Ufa

Eusebio ankafunafuna matumba akale oti alendo akhalire pamene anaupeza mtandawo. Unali kuseri kwa uvuni wake wa buledi, wokulungidwa m'thumba la ufa: mtanda wachitsulo wokhala ndi timbalame tiwiri, ndipo m'munsi mwake wosula analembapo dzina la Eusebio. 

Pabwalo malipenga anali atayamba kale. Nyumba yake yatsopano inali itafoleredwa, ndipo kwathu ku Ayacucho denga silikhala lopanda padirino, munthu amene amabweretsa mtanda, kuukhoma pamwamba, kuswa botolo, n'kusanduka m'bale wa banjalo mpaka imfa.

Ulemu umenewu Eusebio anali ataulonjeza kwa Fortunato, wowotcha buledi wake. Chinali chaka chija mvula inagwetsa uvuni, antchito onse n'kuthawira kwina. Fortunato yekha anatsala, naumba njerwa ndi manja ake.

"Achimwene, ndikadzamanga nyumba, denga ndi lanu," anatero Eusebio tsiku limenelo, matope ali m'maondo.

"Ndamva, achimwene," anayankha Fortunato.

Koma munthu akakhuta, mutu umaiwala msanga. Nyumba itatha, Eusebio anasankha Don Alcides, mwini malole obweretsa ufa, munthu wodziwika tauni yonse. Kwa Fortunato sananene kanthu. Anangoyamba kumuzemba maso.

Mkazi wake Rosaura anamupeza ataima, mtanda uli m'manja.

"Mwaupeza tsopano?"

"Iwe unkadziwa?"

"Ndi inu nokha simunkadziwa, bambo a Nélida. Fortunato anapita kwa wosula tsiku lomwe tinakumba maziko. Koma inu maso ali pa malole. Mlendo ndi mame, dzuwa likakwera tiona amene atsale."

Eusebio anachita manyazi mpaka m'mafupa. Anazungulira uvuni napeza Fortunato akutembenuza nkhumba yowotchera alendo, thukuta lili kamukamu, malaya ake a kutchalitchi atawapachika pamsomali.

"Achimwene, ndakulakwirani. Valani malayawo, mukwere denga ndinu. Don Alcides ndilankhula nawo."

Fortunato sanasiye ntchito yake.

"Mukawauza chiyani? Munthu wavala suti, wabwera ndi oimba, mtanda wake uli m'manja. Mwathyola mawu amodzi, akwana amenewo. Musathyolenso achiwiri chifukwa cha ine."

"Nanga mtanda uwu?"

"Dzina lilipolo ndi lanu."

Munalibe mkwiyo m'mawu akewo, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Eusebio. Bola akanamutukwana, kapena kutaya fosholo ya buledi n'kumapita.

Kunja botolo linasweka, anthu n'kuwomba m'manja, akuitana mwini nyumba. Eusebio sanapite. Anakoka benchi, natenga hamala, nayamba kukhoma mtandawo pamwamba pa khomo la uvuni, pa njerwa zomwe Fortunato anaumba. Msomali woyamba unapindika. Fortunato anapukuta manja, nadzamugwirira benchi, akumupatsira misomali umodziumodzi monga ankachitira pa ntchito iliyonse.

Atatsika, Eusebio anatambasula manja kuti amukumbatire. Fortunato anayang'ana mtandawo kwa kanthawi, kenaka anawerama n'kunyamula mbale yaikulu ya nyama.

"Mwakhoma bwino. Zikomo, bwana."

Zaka makumi awiri akugwira ntchito limodzi, anali asanamutchulepo choncho. Anatuluka kukagawira alendo a Don Alcides, ndipo m'mawa mwake anafika pa ntchito nthawi yake.